Madontho akuda omwe amaulula mmene nyenyezi ikuzungulira

Nyenyezi iliyonse imazungulira pamalo pomwe ilipo, koma ngakhale pa telesikopu yaikulu zambiri zimangooneka ngati kadontho kowala basi, ndiye ana anga a Physics amafunsa kuti aphunzitsi mumadziwa bwanji? Ndimawauza kuti tayang'anani tayala la njinga ya sakaramento ikamatsika ku Katoto, kuti muwerenge kuti lazungulira kangati mumatsata valavu. Nyenyezi valavu yake ndi madontho akuda.

Dzuwa lathuli ndi nyenyezinso. Pamwamba pake pamatentha madigiri pafupifupi 5,500, koma pali malo ena pomwe maginito amphamvu amatsekereza kutentha kochokera mkati, pamenepo pamazizirirako mpaka cha m'ma 3,500 ndiye pamaoneka pakuda. Wasayansi Galileo anawatsata madonthowa cha m'ma 1612 nkuona kuti akuyenda kuchoka mbali ina kupita ina. Kenako wasayansi wina, Richard Carrington, m'ma 1850 anayeza bwinobwino, ndipo apa mpamene pamandisangalatsa kwambiri, madontho a pakati pa dzuwa amazungulira msanga kuposa akumtunda ndi akumunsi. Lero tikudziwa kuti pakatipo ndi masiku 25 pomwe kunsonga ndi pafupifupi 35, chifukwa dzuwa si mwala ayi, ndi mpweya wotentha, mbali iliyonse ili ndi liwiro lake.

Nyenyezi zakutali madontho ake sitiwaona, timayeza kuwala. Dontho likatembenukira kwa ife kuwala kumatsikako pang'ono, likapita kuseri kumabwerera, ndiye mukawerenga masiku a pakati pa kutsikako mwapeza nthawi yomwe imatenga kuzungulira. Telesikopu ya Kepler yomwe bungwe la ku America lofufuza zakuthambo la NASA linatumiza mumlengalenga mu 2009 inathandiza kuyeza nyenyezi zoposa 30,000 mwanjira imeneyi. Vuto lake madontho amabadwa nkumafa, ena amakhala malo osiyana, ndiye nambala yake muziitenga ngati yoyandikira.

Komanso kuzungulirako nkomwe kumalimbitsa maginito aja. Nyenyezi za m'kagulu kotchedwa Nsangwe zili ndi zaka pafupifupi 100 miliyoni, ndi ana, zina zimamaliza kuzungulira tsiku lisanathe ndipo madontho ake ndi akuluakulu. Zikamakula mphepo yotuluka pa nyenyezi imazichepetsa liwiro, nchifukwa chake liwirolo limatithandiza kuyerekeza zaka.

Chonde, chifunga cha mu June chikaphimba dzuwa nkumaoneka lozizira musaliyang'ane kusaka madontho, maso amapsa osamva kuwawa.