Loboti Yonyamula Mbale za Silikoni ndi Mutu Umene Imawawitsa Oipanga

Munthu akalowa koyamba m'fakitale yamakono yopanga ma chip, tizipangizo tija timene timayendetsa foni ndi kompyuta, amadabwa kuona kuti anthu ndi ochepa ndipo katundu akuyenda kumwamba. Kunsi kwa denga kuli njanji, ndipo pa njanjizo pamathamanga timagalimoto tonyamula mabokosi apulasitiki otsekedwa bwino, amene dzina lake ndi FOUP. M'bokosi lililonse mumalowa mbale 25 za silikoni zotchedwa wafer, zimene amapangirapo ma chip, zozungulira, za mamilimita 300 mulifupi mwake, koma zopyapyala kosakwana milimita imodzi. Bokosi likadzaza limalemera pafupifupi makilogalamu 9. Kagalimoto kakafika pamwamba pa makina amene akudikira, kamatsitsa bokosilo ndi malamba n'kulikhazika pakhomo pa makinawo, ndipo kuyambira pamenepo ntchito ndi ya loboti. Sindikunena maloboti a pamsewu oyaka zofiira ndi zobiriwira aja ayi, koma mkono wachitsulo umene umasolola mbale imodziimodzi m'bokosi n'kukaipereka m'kati.

Loboti imeneyi iyenera kukhala yaing'ono, ndipo chifukwa choyamba ndi kudula kwa malo. Fakitale zikuluzikulu, monga za TSMC ku Tainan m'dziko la Taiwan kapena za Samsung ku Pyeongtaek ku South Korea, zimadya ndalama zoposa madola mabiliyoni 10 iliyonse poimanga, ndipo mpweya wonse wa m'zipinda zogwiriramo ntchito umasefedwa usana ndi usiku. Pa muyezo wa ISO 14644-1, mpweya woyera koposa suyenera kukhala ndi tifumbi toposa 10 ta kukula kwa maikironi 0.1 (maikironi 1,000 amapanga milimita imodzi) kapena kuposerapo m'malo a mita imodzi mulitali, mulifupi ndi msinkhu. Tsitsi la munthu n'lonenepa pafupifupi maikironi 70, choncho tikunena za fumbi limene diso silingalione. Loboti yotambasula chigongono kutali imafuna chipinda chachikulu, ndipo mpweya wa m'chipindamo uyenera kuyeretsedwa popanda phindu lililonse. N'chifukwa chake maloboti ambiri a ntchitoyi ali ndi mkono wopindika chopingasa wofanana ndi wa mtundu wa SCARA, umene Hiroshi Makino anatulukira ku Yamanashi University ku Japan mu 1978. Mkono wotere umadzipinda ngati mpeni wa m'thumba, umazungulira pamalo pomwepo, kenako umatambasuka molunjika.

Vuto n'lakuti loboti yomweyo ndi gwero la fumbi. Paliponse pamene zitsulo zikukhudzana, lamba akupekesana ndi gudumu kapena girisi akutentha, pamatuluka tizidutswa, ndipo kamodzi kokha kakagwera pa mbale kangathe kupha chip chimene chadutsa kale m'magawo mazana a ntchito. Mpweya wa m'makinamo umayenda kuchokera kumwamba kupita pansi, motero wopanga loboti amayesetsa kuti ziwalo zoyenda zikhale kunsi kwa mbale, ndipo ena amaika kafani kokokera mpweya wa m'kati mwa mkono pansi kuti fumbi lisatulukire m'mfundo. Dzanja lenilenilo n'lopyapyala, looneka ngati foloko ya mano awiri, ndipo limagwira mbale kunsi kapena m'mphepete basi, osati pamwamba pamene pali ntchito.

Kumene kuli chintchito chenicheni ndi m'kati, m'zipinda zimene mpweya unapopedwamo wonse. Makina ambiri okutira kapena kusema silikoni amamangidwa ngati mudzi wozungulira bwalo: pakati pali chipinda cha loboti, m'mbali muli zipinda zogwiriramo ntchito. Makina a Precision 5000, amene kampani ya Applied Materials inatulutsa mu 1987, ndi amodzi mwa amene anatchukitsa kamangidwe kameneka. Mbale imalowa kudzera m'kachipinda ka zitseko ziwiri, kamene kamapopedwa mpweya chitseko cha m'kati chisanatseguke. Tsopano taganizirani izi. Kunja, dzanja la loboti lingathe kugwira mbale poiyamwa, koma kuyamwa kumatheka chifukwa mpweya wakunja ukukankha, ndipo kumene kulibe mpweya kulibenso kuyamwa. Nthawi zambiri mbaleyo imangokhala pa dzanja mwa kulemera kwake, ngati mbale ya nsima pa thireyi, ndipo mkono ukanyamuka kapena kuima modzidzimutsa, imatsetsereka. Ikachokera m'chipinda chotentha kwambiri zinthu zimaipiraipira, chifukwa timphira togwira bwino sitipirira kutentha koteroko, ndiye dzanja limakhala la seramiki, limene ndi loterera. Liwiro la loboti yotere silidalira mphamvu ya mota, limadalira mmene mbale ingapirire isanasunthe, ndipo luso lalikulu lili m'pulogalamu yoyendetsa mkono kuti uyambe ndi kuima mofatsa. Opanga ambiri amaikanso manja awiri, kuti lina lichotse mbale yomalizidwa pamene lina lanyamula kale yatsopano.

M'malo opanda mpweya girisi wamba amatulutsa nthunzi yodetsa chipinda, ndiponso mota imavutika kuzizira popeza palibe mpweya wochotsa kutentha. Njira imodzi ndiyo kusiya mota kunja n'kulowetsa ndodo yachitsulo yozungulira kudzera pa chotsekera cha mafuta apadera ogwidwa ndi maginito. Ina ndiyo kuyendetsa mkono ndi maginito kupyola khoma, popanda chiboo chilichonse.

Nanga n'chifukwa chiyani makampani amafuna loboti ya zigawo zochotseka? Makina amene loboti ikuwadyetsa ndi odula kwambiri kuposa lobotiyo, ndipo ikaima, onse amaima. Ngati dzanja, mkono, mota ndi bokosi la zamagetsi zili zigawo zapadera, wokonza amachotsa chofookacho, n'kuika china, n'kukakonzera chakale kunja. Wopanganso angathe kugwiritsa ntchito thupi limodzi pa makina osiyanasiyana pongosintha kutalika kwa mkono. Komabe, ine ndimaona kuti otsatsa malonda amaikometsa nkhaniyi mopitirira. Polumikizira paliponse ndi pamene pangalowe kulakwika, pamene mbale imayenera kukhazikidwa pamalo omwewo nthawi zonse, osaphonya ndi kachigawo kakang'ono ka milimita. Mkono watsopano ukaikidwa, loboti iyenera kuphunzitsidwanso malo onse amene imafikako, ndipo ntchito imeneyi ingathe kudya nthawi yoposa imene kusinthako kunapulumutsa. Kutentha nakonso kumatalikitsa mkono pang'ono pamene ukugwira ntchito. Loboti zabwino zimathana ndi zimenezi pogwiritsa ntchito masensa a kuwala a pakhomo la chipinda, amene amayeza m'mphepete mwa mbale ikamadutsa kuti loboti iwongole njira isanaitule.

Zonsezi zimatheka chifukwa makampani opikisana anagwirizana pa miyezo. Bungwe la makampaniwa lotchedwa SEMI, limene linayamba mu 1970, ndilo limasunga malamulo a kukula kwa bokosi, kamangidwe ka khomo lolandirira ndi mmene kagalimoto ka kudenga kamalankhulirana ndi makina, moti bokosi limodzi limakwana pa makina a kampani iliyonse. Miyezoyi inakhazikika pamene mafakitale ankachoka pa mbale za mamilimita 200 kupita pa 300, cha m'ma 2000. Mu 2011 Intel, TSMC, Samsung, IBM ndi GlobalFoundries anayambitsa ntchito ya pamodzi ku Albany, m'chigawo cha New York, yokonzekera mbale za mamilimita 450. Mbale zokula choncho zikanafuna mabokosi ena, njanji zina, zipinda zokulirapo ndi mikono yaitali yosawerama ndi katundu wolemera, kuwonjezera pa makina atsopano onse. Patapita zaka zochepa ntchitoyo inazilala, ndipo mpaka lero maloboti a m'fakitale zotsogola akunyamulabe mbale za mamilimita 300.