Kujambula Msana wa Mwana Amene Wasiya Kuyenda

Mwana amene ankathamanga bwinobwino akayamba kukana kuyenda, kulira akamakhazikidwa pansi kapena kudzuka usiku chifukwa cha msana, makolo apite naye ku kiliniki msanga ngakhale thupi lisakutentha. Tizilombo tingalowe m'mafupa a msana kudzera m'magazi. Kuno ku Johannesburg madokotala amaganizira kwambiri za TB ya msana, makamaka ngati pakhomo pali munthu amene anadwalapo chifuwa chachikulu, ngakhale kuti mabakiteriya ena monga Staphylococcus aureus amayambitsanso vutoli.

Kawirikawiri madokotala amayamba ndi X-ray, ndipo apa m'pamene makolo ambiri amanyengeka. M'milungu iwiri kapena itatu yoyambirira chithunzi chikhoza kuoneka chabwinobwino, chifukwa X-ray imaonetsa vuto pokhapokha fupa litadyeka kale ndithu. Choncho mukauzidwa kuti chithunzi chilibe vuto koma mwana akuvutikabe, bwererani naye ndipo mufunse ngati akufunika MRI.

Makina a MRI amagwiritsa ntchito maginito amphamvu, osati cheza cha X-ray, ndipo amaonetsa zimene X-ray singaone: kutupa kwa m'kati mwa fupa, mafinya amene aunjikana, komanso ngati mtsempha waukulu wa mumsana wapanikizika. Kujambulaku kumatenga mphindi 30 mpaka 60, makinawo amachita phokoso lalikulu, ndipo mwana sayenera kugwedezeka, n'chifukwa chake ana aang'ono amapatsidwa mankhwala ogonetsa. Ngati anesi anena kuti mwana asadye kwa maola angapo, musamupatse ngakhale phala pang'ono chifukwa chomumvera chisoni, popeza akhoza kusanza ali mtulo n'kutsamwa. Zitsulo zonse, ngakhale ndolo, zimavulidwa. CT, njira ina yojambulira pogwiritsa ntchito X-ray ndi kompyuta, imathandiza poona mmene fupa lawonongekera, koma ili ndi cheza chambiri.

Chithunzi pachokha sichitchula dzina la kachilombo, motero dokotala angatengenso magazi kapena mafinya kuti akayezedwe. TB ya msana imachizika, koma mankhwala ake amamwedwa miyezi yambiri mosadukiza.

Makina a MRI amapezeka m'zipatala zazikulu monga Chris Hani Baragwanath ku Soweto ndi Charlotte Maxeke ku Parktown, ndipo nthawi zambiri pamafunika kalata yochokera ku kiliniki. Tengani buku la kusikelo la mwana, ngakhale la kumudzi ku Malawi. Koma miyendo ikafooka, pamsana pakatuluka linunda, kapena mwana akamalephera kusunga mkodzo, musadikire tsiku limene munapatsidwa. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.