Fulashi sinapse, mwangoifomata molakwika

Ndatopa kumva kuti "fulashi yapsa" kuchokera kwa anthu amene fulashi yawo ili bwinobwino. Nkhani yake imakhala yomweyomweyo. Munthu anapanga fulashi ya bootable, yoyatsira kompyuta poika sisitimu ya Linux ngati Ubuntu kapena Linux Mint, ntchito inatheka, tsopano akufuna aziikamonso nyimbo ndi zikalata. Akaibaya pa laputopu ya Windows, fulashi ya 32 GB ikuonetsa ma MB owerengeka, mwinanso Windows ikuti ifomatidwe kaye. Amadina Format, malo osabwerera. Basi, ulendo wokagula ina.

Mapulogalamu ngati balenaEtcher, kapena lamulo la dd la pa Linux ndi Mac, sakopera mafayilo mmene inu mumakokera nyimbo. Amadinda ISO yonse, fayilo imodzi yokhala ndi zonse zoikira sisitimu, kuyambira pachiyambi penipeni pa fulashi, n'kufafaniza kagawidwe ka malo komwe kanalipo. Windows sizindikira zimene zadindidwazo, imangoona kagawo kakang'ono ka EFI, kosunga mafayilo oyatsira kompyuta. Format amene mumamupeza podina kumanja amagwira kagawo komweko kokha. Kuli ngati kusesa pakhonde n'kumadabwa kuti m'nyumba mukadali zinyalala.

Muyenera kufufuta kagawidwe konseko. Pa Windows tsegulani diskpart, pulogalamu yolembamo malamulo okonzera madisiki, lembani list disk, kenako select disk ndi nambala ya fulashiyo, clean, create partition primary, format fs=exfat quick, pomaliza assign. Pa Mac, mu Disk Utility, dinani View n'kusankha Show All Devices. Mukapanda kutero mumangoona gawo lam'kati, osati fulashi yeniyeniyo, ndiye Erase wanu sapita patali. Sankhani dzina lapamwamba, ikani exFAT ndi Master Boot Record. A Linux sindikuphunzitsani, wipefs ndi GParted mumazidziwa kale.

Pa clean paja tiyeni tichedwepo. Lamuloli silifunsa ngati mwatsimikiza. Mukangolemba, lachita.

Mayi wina, mphunzitsi amene ankachita digiri yachiwiri, anapita ndi laputopu kwa mnyamata wa m'kashopu ka m'mbali mwa msika kuti awaikire Windows yatsopano. Anachita mwanzeru ndithu. Anapita ndi hadi disiki yapanja, n'kumuuza kuti asamutsiremo kaye kafukufuku wawo yense, pamodzi ndi mawu amene anajambula pocheza ndi anthu kumidzi. Mnyamatayo anasamutsadi, koma sanazule hadi disikiyo pamene ankakonza fulashi yake pa laputopu yomweyo. Mu list disk mulibe mayina, muli manambala ndi kukula kwa disiki basi. Iye anazolowera kuti fulashi imakhala disk 1. Tsikulo disk 1 inali hadi disiki ya mayi aja. Kenako anafufutanso laputopu poika Windows, akuganiza kuti zonse zasungika.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si clean ayi. Clean yokha imachotsa kagawidwe, mafayilo amakhala akadali pomwepo, ndipo nthawi zambiri pulogalamu ya TestDisk imawabweza. Koma mnyamatayo atazindikira sanaulule. Anaifomata hadi disikiyo, n'kunena kuti inali ndi vairasi, n'kuwadzaziramo mafilimu ngati chipepeso. Mayiwo anakhala milungu akuigwiritsa ntchito, laputopunso chimodzimodzi, akudikira kuti mnyamatayo apeza pulogalamu yobwezera. Pofika kwa ine, pulogalamu yobwezera mafayilo ya PhotoRec inangotola zidutswa: zithunzi zina, machaputala akale opanda mayina. Mawu ojambulidwa aja ambiri anali atakwiririka ndi mafilimu. Midzi ija anayenera kukayendanso, ndi ndalama za m'thumba mwawo.

Choncho mukafufuta disiki yolakwika, izuleni nthawi yomweyo. Osakoperamo kanthu, osaifomata, osaikamo pulogalamu yobwezera mafayilo m'menemo. Chilichonse chimene mwalembamo chimakhala pamwamba pa zimene mukufunazo. Ndipo wina akamakuikirani Windows, muuzeni azule disiki ina iliyonse inu mukuona. Akanyinyirika, nyamulani katundu wanu.

Cholakwika china chimachokera kwa a Mac ndi a Linux amene akufuna fulashi yoikira Windows. Amatenga ISO ya Windows 10 kapena 11 n'kuidinda ndi Etcher. ISO zambiri za Linux zinapangidwa kuti zizidindidwa chomwecho, ya Windows ayi. Etcher imachenjeza, koma anthu amangopitiriza osawerenga, kenako n'kumati laputopu ndiyo yavuta. Ena amafomata fulashi mu mtundu wa FAT32 n'kukopera mafayilo pamanja. Maganizo ake ndi abwino, chifukwa makompyuta a UEFI, kayatsidwe ka makompyuta atsopano, amawerenga FAT32, koma FAT32 silandira fayilo yopitirira 4 GB, ndipo install.wim, fayilo yaikulu ya Windows, ya m'ma ISO a masiku ano imapitirira pamenepo. Kukopera kumaima panjira, wina osaona, fulashi n'kudzayatsa bwinobwino koma n'kukanika pakati pa ntchito, disiki ya kasitomala itafufutidwa kale.

Kuthawira ku NTFS, kafomatidwe ka Windows, pa Mac sikuthandiza, poti macOS imawerenga NTFS koma silembamo. Amene ali pa Mac agawe install.wim zidutswa ndi pulogalamu ya wimlib, apo ayi abwereke kompyuta ya Windows kwa kanthawi. Ine ndimalangiza kubwereka. Rufus, pulogalamu ya pa Windows yopangira fulashi zotere, imakonza zonsezi yokha, Media Creation Tool ya Microsoft nayonso imatero pa fulashi ya 8 GB kapena kuposa. Pa Rufus samalani pamalo amodzi: laputopu zakale za BIOS, zimene zadzaza m'mashopu a katundu wakunja, zimafuna kagawidwe ka MBR (Master Boot Record), pomwe za UEFI zimayenda ndi ka GPT. Kwa amene mumaika makompyuta ambiri, Ventoy, yomwe inatuluka mu 2020, imafomata fulashi kamodzi kokha, kenako mumangoponyamo ma ISO ngati mafayilo wamba. Imaikidwa kuchokera pa Windows kapena Linux.

Fulashi yoikira macOS imapangidwa pa Mac, ndi lamulo la createinstallmedia, itafomatidwa Mac OS Extended. Mukaibaya pa Windows idzakupemphani kuti ifomatidwe. Kanani.

Chiyambire pa 14 Okutobala 2025, pamene Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse, anthu akuthamangira Windows 11, ndipo akathyali apezerapo msika. Laputopu ikakana chifukwa ilibe TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo kamene Windows 11 imafuna, amakuikirani Windows ina yake "yopepuka" imene anaitola pa intaneti, maapudeti atatsekedwa, Defender yoteteza ku mavairasi itachotsedwa. Yemwe anaisintha simukumudziwa, chimene anawonjezeramo simukuchidziwa, koma mawa mulembapo pasiwedi ya ku banki. Funsani komwe ISO yachokera. Ngati si pa tsamba la Microsoft kapena la eni ake a Linux yo, musalole.

Zilipo fulashi zakufadi. Ikamakana clean n'kumati write protected pa kompyuta iliyonse, nthawi zambiri yatha ntchito. Palinso zachinyengo, zolembedwa 128 GB pamtengo wa 8 GB, zimene zimanamiza kompyuta za kukula kwake. Zimafomatika bwinobwino, mafayilo n'kumaoneka ngati alowa, koma mukadzawatsegula ndi zinyalala. Musanaikemo ISO, iyeseni ndi H2testw pa Windows kapena F3 pa Linux ndi Mac. Imatenga nthawi chifukwa imalemba fulashi yonse n'kuiwerenganso, ndiye iyatseni mukamapita kokadya nsima.