Kodi Pulezidenti angalamule makampani kutsitsa mitengo?

Shuga akasowa kapena thumba la simenti likakwera, pa msika wa Zomba ndi ku Chinamwali mawu amakhala amodzi: "A Pulezidenti alankhulepo." Nawa mayankho a zomwe anthu amafunsa kawirikawiri.

Kodi mtsogoleri wa dziko angangodzuka n'kulengeza mtengo wa shuga?

Ayi. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, potsatira mapangano ndi IMF komanso World Bank, boma linasiya kuikira mitengo katundu wambiri. Zotsala m'manja mwake n'zochepa, monga mafuta agalimoto ndi magetsi, zomwe mitengo yake imadutsa ku bungwe la MERA.

Ndiye kuti makampani akuluakulu ali ndi ufulu wochita chilichonse?

Ayinso. Pali bungwe la CFTC loona za mpikisano pa malonda, ndipo lamulo lake la 1998 linalowedwa m'malo ndi la 2024. Ndi mlandu kupangana mitengo, kubisa katundu kuti adule, kapena kunamiza ogula. Kampani yolakwa ingalipitsidwe chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zomwe imapeza pachaka. Papepala lamuloli lili ndi mano. Kuluma kwake kumadalira ngati akuluakulu ali okonzeka kugunda ngakhale anzawo omwe amadya nawo pamodzi. Apa m'pamene utsogoleri umaonekera, osati pa msonkhano wandale.

Nanga boma silingalande kampani yovuta?

Achikulire akukumbukira lamulo la 1966 la nthawi ya Kamuzu Banda, lomwe linkalola boma kulanda katundu wa munthu. Linathetsedwa. Lero malamulo aakulu a dziko amateteza katundu, ndipo boma likafuna kutenga liyenera kupereka chipukutamisozi, mwiniwake angathenso kupita kukhoti.

Bwanji mitengo ikukwerabe?

Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pa K1,700 kubanki. Feteleza, mafuta ndi mankhwala timagula kunja. Chindapusa chingaletse dyera, koma sichibala madola.

Ine wogula ndichite chiyani?

Sungani lisiti. Mukaona mtengo wa pashelefu ukusiyana ndi wa potulukira, kapena akukukakamizani kugula sopo kuti akugulitseni shuga, jambulani pafoni, mulembe tsiku ndi dzina la sitolo, mukadandaule ku CFTC.