Chimene chimalepheretsa operating system kusamukira pa makina ena

Purosesa iliyonse, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, ili ndi malamulo ake amene imamva. Za Intel ndi AMD zimamva mtundu wotchedwa x86, pamene ya m'foni yanu imamva ARM, ndipo pulogalamu yomangidwira mtundu umodzi siiyenda pa unzake. Choncho operating system, sisitimu imene imayendetsa kompyuta yonse, ikati ikhale pa purosesa yachilendo, mbali yake yogwirana ndi makina enieniwo imayenera kulembedwanso. Mbaliyo ikakhala yaing'ono komanso yopatulidwa bwino, ntchito imaphweka.

Unix ndiyo inatchukitsa nzeru imeneyi. Poyamba inalembedwa mu assembly, chilankhulo cholembera mapulogalamu chimene chimakumangirira pa makina amodzi, koma mu 1973 a ku Bell Labs anailembanso mu C, chilankhulo chosamangirira pa makina amodzi. Pofika 1977 inali ikuyenda pa makina a Interdata, osiyaniratu ndi PDP-11 imene inakulirapo.

Mdzukulu wake NetBSD, yomwe inayamba mu 1993, ndiyo katswiri tikamawerenga mitundu ya makina: imayenda pa mitundu yoposa 50, kuphatikizapo VAX ndi Amiga zimene anthu anataya kalekale. Madiraiva ake, timapulogalamu toyendetsa zipangizo, amalembedwa kamodzi n'kugwira ntchito pa makina osiyanasiyana. Mwaukadaulo ndimaisirira, ngakhale owerenga ambiri sadzaigwiritsapo ntchito.

Linux inafika pamenepa mokhota. Linus Torvalds poilengeza mu 1991 ananena yekha kuti siingasamuke, n'njapa Intel 386 basi. Patangopita zaka zochepa inali pa purosesa ya Alpha ya kampani ya DEC, ndipo lero ili m'foni iliyonse ya Android, m'ma rauta, ndi m'makompyuta onse 500 amphamvu kwambiri padziko kuyambira 2017. Chinsinsi chake n'chakuti khodi yake ndi yotseguka: wopanga purosesa yatsopano, monga RISC-V, sadikira chilolezo cha munthu. Komatu nayo imataya katundu. Itanium, purosesa ina ya Intel, inachotsedwa mu Linux 6.7 chifukwa panalibenso oisamalira.

Anthu ambiri amaganiza kuti Windows yakhala ya x86 yokha nthawi zonse. Ayi ndithu. Windows NT ya mu 1993 inatuluka ikuyenda pa x86, MIPS ndi Alpha, ndipo PowerPC inawonjezedwa mu 1995. Kapangidwe kake kanali kabwino zedi. Chinaigwetsa pa makina enawo n'chakuti mapulogalamu amene anthu ankagula anali omangidwira x86, eni ake osaona phindu lowamangiranso makina ogulidwa ndi anthu ochepa. Pofika Windows 2000 mitundu yonse kupatula x86 inali itasiyidwa. Microsoft inayesanso mu 2012 ndi Windows RT pa ARM, yomwe sinkatsegula mapulogalamu akale, ndipo ogula anaikana. N'chifukwa chake Windows ya pa ARM ya masiku ano imamasulira malamulo a x86 pulogalamu ikuyenda.

Apple ndi ina. Mac inayamba pa Motorola 68000 mu 1984, inapita pa PowerPC mu 1994, pa Intel mu 2006, kenako pa M1 yawoyawo mu 2020. Kumeneku ndi kusamuka kwa mwininyumba amene amatseka yakale n'kutaya kiyi. Amakwanitsa chifukwa makina ndi sisitimu zonse n'zawo, ndipo womasulira wawo Rosetta amasunga mapulogalamu akale mpaka atsopano atafika.

Ndiye mukamva kuti sisitimu yakuti imayenda pa ARM, musathamange. Makompyuta a x86 amadzuka mofanana ndipo amadziwitsa okha sisitimu zipangizo zimene ali nazo, n'chifukwa chake fulashi imodzi ya Linux imadzutsa pafupifupi laputopu iliyonse. Mafoni sali choncho. Iliyonse imafuna mndandanda wakewake wa zipangizo, wotchedwa device tree, ndipo madiraiva a kamera ndi a modemu nthawi zambiri amakhala obisika kwa wopanga. Purosesa imatha kudzuka bwinobwino, koma sikirini n'kukhala yakuda, foni osagwira netiweki.