Nthano ya pafoni ilibe agogo

Makolo ambiri akandipeza kusukulu amandionetsa foni n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, gemu iyi ndimusiyire mwanayu?" Pachithunzi pamakhala nkhalango yokongola, tianyamata tiwiri, mwina chimphona chomwetulira. Yankho langa limawadabwitsa: chithunzicho sichindiuza kanthu.

Nditenge gemu imodzi yomwe ndinaisewera mpaka kumapeto, Brothers: A Tale of Two Sons, yomwe inatuluka mu 2013 kuchokera ku kampani ya Starbreeze ya ku Sweden, motsogozedwa ndi Josef Fares. Nkhani yake ndi nthano yeniyeni. Bambo adwala mwakayakaya, ndipo ana awo awiri anyamuka kukafuna madzi a mtengo wa moyo. Wosewera amayendetsa anyamata onse awiri nthawi imodzi, wamkulu ndi chala chakumanzere, wamng'ono ndi chakumanja. Wamkulu amakweza mng'ono wake pamalo aatali, wamng'ono amalowa m'mipata yothina. Palibe chowerenga chochuluka, chifukwa anthu ake amayankhula chinenero chongopeka. Mukaona mphindi khumi zoyambirira munganene kuti mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi angasangalale nayo.

Koma gemuyi imayamba ndi mwana akukumbukira mmene mayi ake anamirira m'madzi iye akuona. Pakati pa ulendo anyamatawo amadutsa pabwalo la nkhondo pomwe pali mitembo ya zimphona ndi magazi oyenderera ngati mtsinje. Chakumapeto wamkulu uja amamwalira. Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse bwino. Gemuyo sikuti imangokuonetsa maliro. Iwe wosewera ndiwe umakoka thupi la mkulu wako mpaka kudzenje, ndi kukankhira dothi pamwamba pake, pang'onopang'ono, ndi chala chako. Dzanja lamanzere, lomwe lagwira ntchito maola atatu, limangokhala. Ine munthu wamkulu ndinaika kaye chosewerera pansi.

Sindikunena kuti imfa isamatchulidwe kwa ana. Nthano zathu nazo sizinali zofewa: munali afiti, afisi odya ana, zilombo zomeza mudzi wonse. Koma agogo akati "padangokhala," ife n'kuyankha "tili tonse," tinalidi tonse. Iwo ankaona nkhope zathu pa kuwala kwa moto. Wamng'ono akayamba kubisala kumbuyo kwa mlongo wake, agogo ankafupikitsa pa fisi paja kapena kuyambitsa nyimbo. Gemu siona nkhope ya mwana, ndipo mwanayo kawirikawiri amakhala yekha kuchipinda, mahedifoni kukhutu.

Manambala osonyeza zaka zoyenera kuyambira kusewera gemu amathandiza, muziwayang'ana. Ku Ulaya bungwe la PEGI limaika 3, 7, 12, 16 kapena 18, ndi tizithunzi: kangaude kusonyeza zoopsa, chibakera kusonyeza ndewu. Ku America kuli ESRB, lomwe linaika Brothers m'gulu la T, kutanthauza zaka 13 kupita mtsogolo. Pa Google Play mupezanso manambala otere pansi pa dzina la gemu. Dziwani kokha kuti nambalayo imayeza zooneka ndi zomveka, osati kuvuta kwa gemu, ndipo nambalayo siyimudziwa mwana wanu. Mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi amene waika mayi ake m'manda chaka chomwe chino si wofanana ndi mnzake wa msinkhu womwewo amene maliro amangowamvera patali.

Za zinsinsi zomasula m'magemu otere ndinene mwachidule. Mwana akakhala pamalo amodzi akuyesa njira iyi ndi iyo, kenako n'kufuula kuti "ndapeza!", zili bwino ndithu. Akamangodinadina mokwiya kapena kukupatsirani foni kuti mumudutsitse, gemuyo yamukulira. Magemu aulere ambiri amagulitsa mayankho kapena kukakamiza mwana kuonera zotsatsa malonda zomwe simunazisankhe, ndipo bandulo imathera pomwepo. Amene akufuna yofatsa ayese Monument Valley ya mu 2014, momwe kamwana kamfumu kamayenda mwakachetechete m'nyumba zozunguza maso, popanda magazi.

Chomwe ndimachita ndisanalole gemu iliyonse n'chosavuta. Ndimalemba dzina lake pa YouTube, n'kudumphira pakati ndi kumapeto, chifukwa zolemera zimabisala kumeneko. Zikandikhutiritsa, tsiku loyamba ndimakhala pambali pa mwanayo, maso anga ali pa iye kuposa pafoni. Ndimaona ngati mapewa akwera, ngati wasiya kuyankhula, ngati usiku wapempha kuti nyale isazimitsidwe. Brothers ndinadzasewera ndi mwana wa mchemwali wanga ali ndi zaka khumi ndi zisanu, iye mbali ya wamng'ono, ine ya wamkulu. Titafika padzenje paja anandiyang'ana n'kuti, "Malume, ndikwirire ndine?" Ndinamuuza kuti tikhoza kudikira kaye. Anakhala chete kanthawi, kenako anayamba kukankha dothi.