Kope lilibe kanthu koma mwanayo waphunzira

Teremu yoyamba ikangofika sabata yachitatu ndimadziwiratu kuti kubwera kholo litanyamula kope la mwana, nkhope ili gwaa, funso lake ndi lomwe lija la chaka chilichonse: aphunzitsi, mwanayu akuphunzira chani kwenikweni? Akuti tikamufunsa kunyumba amangoti tinaimba, tinawomba m'manja, tinasewera ndi timiyala, ndiye kope ili onani nokha, masamba awiri basi ndipo zolembedwazo ngati papalasa nkhuku. Ine sindikwiya ayi, nanenso ndikanapanda kukhala zaka zonsezi ndi ana a sitandade 1 ndi 2 bwenzi ndikufunsa zomwezo. Tinakula tikudziwa kuti sukulu ndi kulemba, kope likadzaza ndiye kuti aticha agwira ntchito. Koma kwa mwana wa zaka 6 kope limabwera kumapeto, ntchito yambiri imachitikira pakamwa, m'makutu ndi m'zala. Ndiye tiyeni ndikulowetseni m'kalasimo tsiku wamba muone.

M'mawa tikangokhala pansi ndimasankha ana atatu kapena anayi anene zomwe aona pobwera. Wina anena za galu yemwe wamuthamangitsa, wina za nsapato yomwe yaduka, ndipo nkhani zake zimayambira pakati, kubwerera koyambirira, kenako iiii waiwala zomwe amanena. Ntchito yanga ndi kungofunsa kuti chinayamba ndi chani, kenako chinachitika ndi chani. Mwana amene sangathe kuyala nkhani ya galu pakamwa mwandondomeko adzavutika kulemba chimangirizo akadzafika makalasi a pamwamba, chifukwa cholembera sichipanga maganizo, chimangotsitsa zomwe zili kale m'mutu. Enawo akuphunzira kudikira mnzawo amalize, zomwe akuluakulu ena mpaka pano zimawakanika.

Kuwomba m'manja kuja ndi phunziro la kuwerenga. Timatenga mawu ngati galimoto n'kuwomba ga-li-mo-to, kanayi, kenako dzina la mwana aliyense timaliwomba choncho. Kwa inu ndi zachibwana poti munaiwala kuti kale simunkadziwa zoti mawu amaduka. Mwana wamng'ono amamva galimoto ngati chinthu chimodzi chathunthu, ndiye tiyenera kumutsegula khutu amve kuti muli maphatikizo, ndipo mkati mwa phatikizo muli maliwu. Ndimafunsa kuti mano, mutu ndi moto akufanana pati, ena amayankha kuti zonse ndi za munthu, ndimati moto nawonso? Amaseka, mpaka wina amve ka mmm koyambirirako. Tikatero timasewera kusintha liwu loyamba, tola akhale kola, kola akhale pola, pola akhale lola. Zonsezi bolodi ili yoyera, choko sindinagwire. Chilembo ndi chithunzi cha liwu, ndiye ngati mwana liwulo sakulimva, mukamuonetsa m mwangomuonetsa timapiri tiwiri topanda tanthauzo. Chichewa chimatikomera mtima pamenepa, mavawelo ndi 5 okha ndipo timalemba pafupifupi momwe timayankhulira, mwana akagwira maliwu ndi maphatikizo amathamanga msanga kusiyana ndi Chingerezi chomwe chilembo chimodzi chimamveka mosiyanasiyana malinga ndi mawu ake.

Pali chinthu china chomwe makolo amakalipira ana pachabe, kutembenuza zilembo. Mwana walemba d m'malo mwa b, kapena 3 wayang'ana kumbuyo, kunyumba akuti ndi wopusa kapena sakumvetsera. Taganizani bwino. Chibadwire mwanayu kapu ndi kapu kaya chogwirira chili kumanja kaya kumanzere, mpando ukautembenuza ndi mpando ndithu, ubongo wake unaphunzira kuti kutembenuka sikusintha chinthu. Lero tikumuuza kuti kamtengo ndi kamimba kakayang'ana uku ndi b, kakayang'ana uko ndi d, kakazondoka ndi p. Katswiri wa za ubongo wa ku France, Stanislas Dehaene, anafotokoza bwino kuti pophunzira kuwerenga ubongo umayenera kusiya chizolowezi chakalecho pa zilembo, ndipo zimatenga nthawi. Ana ambiri zimatha zokha akamafika zaka 7 kapena 8. Zikapitirira pamenepo komanso mwana akuvutika kumva maliwu m'mawu, apo ndiye kambiranani ndi aphunzitsi amuone mwapadera, osati kumukwapula.

N'chifukwa chake timalemba zilembo m'malere ndi dzanja lonse, pamchenga ndi chala, pamsana pa mnzake kuti anene chomwe chalembedwa, timaumbanso ndi dongo. Dzanja likadziwa kuti b amayambira pamwamba kutsika kenako kamimba, limakumbutsa diso. Si nzeru zatsopano izi. Maria Montessori, dokotala wa ku Italy amene anatsegula sukulu yake yoyamba ya ana ku Rome mu 1907, ankadula zilembo pa pepala lokhakhala lija lokwechera matabwa kuti ana azizitsata ndi zala asanagwire pensulo. Iye asanabadwe n'komwe, Friedrich Froebel ku Germany anali atayamba kale sukulu ya ana aang'ono ya nyimbo, timipira ndi timatabwa tomangira, yomwe mu 1840 anaitcha kindergarten. Komanso tizala ta mwana wa zaka 6 sitinakhwime, mukamupatsa tsamba lonse akopere amatopa pamzere wachitatu, amayamba kufinya pensulo ngati akufuna kuithyola ndipo mapeto ake amadana ndi kulemba. Kung'amba mapepala, kutunga mikanda, kuumba, zonsezo ndi jimu ya zala.

Tsopano masamu, apa ndiye pamene ndimakangana ndi makolo kwambiri. Kholo limabwera monyadira, wanga amawerenga mpaka 100. Zoona amatchula mpaka 100, ngati nyimbo. Ndimatenga zitsekerero za mabotolo 7 n'kumuyalira patsogolo, tawerenga izi. Pakamwa pakuthamanga, chala chikutsalira, china wachikhudza kawiri china wachidumpha, yankho 9. Wina amawerenga bwinobwino mpaka 7, ndikamufunsa kuti ndiye zilipo zingati, amayambiranso 1, 2, 3, chifukwa sanadziwe kuti nambala yomalizayo ndiyo ikunena kuchuluka kwa gulu lonse, iye akuganiza kuti 7 ndi dzina la chitsekerero chomalizacho. Akatswiri awiri a ku America, Rochel Gelman ndi Randy Gallistel, anazilemba izi mu 1978, kuti kuwerenga zinthu kuli ndi malamulo ake omwe mwana amayenera kugwira: chinthu chimodzi nambala imodzi, manambala azitsatana chimodzimodzi nthawi zonse, yomaliza ndiyo chiwerengero, ndipo kaya uyambire kumanja kaya kumanzere yankho silisintha. Palibe limodzi mwa malamulowa lomwe mwana angalitole pokopera 1 mpaka 20 m'kope. Amalitola akugwira, akusuntha, akulakwitsa n'kubwerezanso.

Kayeseni ichi kunyumba ngati muli ndi mwana wa zaka 4 kapena 5. Yalani mizere iwiri ya timiyala 6, moyang'anizana, avomere kuti ndi tofanana. Kenako iye akuona tambasulani mzere umodzi utalike, mufunse kuti tambiri ndi titi. Ambiri amaloza mzere wautaliwo. Anayamba kuonetsa zimenezi ndi Jean Piaget wa ku Switzerland, ndipo anati mwana amafika pomvetsa kuti kuchuluka sikusintha ndi kayalidwe akamayandikira zaka 6 kapena 7. Koma ine ndimakonda zomwe anapeza James McGarrigle ndi Margaret Donaldson ku Edinburgh mu 1974, iwo anabweretsa kachidole kachimbalangondo kosamva kuti ndiko kasokoneze mzerewo ngati mwangozi, ana ambiri anayankha zolondola. Kutanthauza kuti mwana nthawi zina amasintha yankho poti munthu wamkulu wafunsa kawiri, amaganiza kuti ndiye kuti poyamba ndinalakwa. Izi zinandisintha kafunsidwe kanga mpaka lero, mwana akayankha sindinena kuti eti? ndi nkhope yokayikitsa, ndimati tandionetsa wapeza bwanji, ndipo ndimatero kaya wakhoza kaya walakwa.

Timitengo tomanga m'mitolo timabwera pambuyo pake. Mwana amene akulemba 31 pofuna 13 sikuti ndi wosasamala, kwa iye ndi 1 ndi 3 basi, kaya wayamba ndani. Ndiye timawerenga timitengo 10 n'kumanga ndi labala, mtolo umodzi. 13 ndi mtolo umodzi ndi timitengo 3 tapadera, 31 ndi mitolo itatu ndi kamodzi, akanyamula zonse ziwiri m'manja amaona yekha kuti si zofanana. Tikadzafika pochotsera mobwereka, 32 kuchotsa 7, amene anamangapo mitolo amadziwa kuti tikumasula mtolo umodzi, pamene winayo amangoloweza kuti timabwereka 1 osadziwa kuti akubwereka kwa ndani. Jerome Bruner m'zaka za m'ma 1960 anaziyala m'masitepe atatu, poyamba chinthu chenicheni m'manja, kenako chithunzi chake, pomaliza chizindikiro papepala, ndipo masukulu a ku Singapore anamanga kaphunzitsidwe kawo ka masamu pa mfundo yomweyi. Kope lija ndi sitepe yachitatu, ife teremu yoyamba timakhala tili pa yoyamba ndi yachiwiri.

Phokoso nalo limadandaulitsa. Mukadutsa pawindo mumva ana akung'ung'udza okha, ichi apa, ayi ichi uku, tsopano zatsala ziwiri. Kale ndinkawaletsa, ndimavomera. Lev Vygotsky wa ku Russia, amene anamwalira mu 1934, anaona kuti mwana akamadziyankhulira choncho akudzitsogolera pa ntchito, ndipo kuyankhula komweko ndi kumene pambuyo pake kumalowa mkati n'kukhala kuganiza kwa chamumtima. Ukamutseka pakamwa wamutsekanso maganizo. Pali phokoso la ntchito ndi phokoso la chisokonezo, mphunzitsi wozolowera amazisiyanitsa ali chakumbuyo akulemba pabolodi. Ndipo ntchito iliyonse sindiikokera, pakatha mphindi 10 kapena 15 ndimaona miyendo yayamba kugwedezeka, wina wagona pa mnzake, basi timaimirira, kanyimbo kodumpha, n'kusintha.

Komatu ndisakunamizeni, si nyimbo iliyonse yomwe ili phunziro. Alipo aphunzitsi anzanga ena amene amaimbitsa ana kuti nthawi ithe iwo ali pa foni, nyimbo yomweyo kuyambira teremu yoyamba mpaka yachitatu, ndipo kholo lili ndi ufulu wonse wofunsa. Kungoti funso la waphunzira chani lero silithandiza, mwana wa zaka 6 amayankha kuti palibe kapena ndaiwala ngakhale tsiku litayenda bwino chotani. Muuzeni akuonetseni. Womba dzina langa ngati mmene mumachitira kusukulu. Ndipatse masipuni 5, ndipo muone ngati aima pa 5 kapena angokokolola onse. Ndi chani m'nyumba muno chomwe chikuyamba ngati dzina lako? Mukamayesa pakatha milungu ingapo muona ngati zikusuntha, ndipo ngati mwezi wathunthu palibe chosintha pitani mukacheze ndi aphunzitsiwo, mufunse kuti panopa ali pa maliwu ati ndi manambala ati, mphunzitsi amene akugwira ntchito amayankha osaganiza kawiri.

Bambo wina chaka chatha anabwera ndi kope lija, atakwiya ndithu, ndinawapempha akhale kumbuyo pa kampando ka ana mpaka buleki. Mwana wawo anali pagulu lomanga mitolo, ndinamuuza apange 24. Anamanga mitolo iwiri, n'kuyala timitengo 4, kenako anatembenuka n'kuwafunsa bambo akewo kuti adadi, nanga 42 mungapange? Bambowo anatola timitengo 4 ndi mitolo iwiri yomwe ija, mwana anati ayi, imeneyo ndi yanga yomweyo, mitolo ikhale inayi. Anakhala pamenepo mawondo ali m'khosi akumanga timitengo ndi labala mpaka belu linalira, kope analiiwala pa tebulo langa, ndinachita kumupatsira mwanayo poweruka.